Milu Itatu ya Matimati

Nkhani ya mdzukulu wanga ndi masamu yakambidwa kambirimbiri, ndipo nthawi zonse yakambidwa mokhota. Mwana wanga wamkazi, amene ndiye mayi wa mdzukuluyo, amaikamba pa maukwati. Amayi a mumpingo mwathu anaitola kwa iye n'kuithira mchere wawowawo. Iwo amati mwanayo anali wouma mutu, ndipo ine, pokhala mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndinatenga matimati pa thebulo la akazi anga n'kumutsegula nzeru tsiku limodzi lokha. Ndakhala ndikumva zimenezi kwa zaka zitatu, ndikungogwedeza mutu mwaulemu. Tsopano ndikonze. Mwanayo sanali wouma mutu. Zinthuzo sizinachitike tsiku limodzi, zinatenga temu yathunthu. Ndipo amene anaona pamene panagona vuto sindine. Ine ndinali munthu amene ndinkalibisa vutolo, tsiku ndi tsiku, ndi chofufutira cha pensulo.

Ndiyambe ndi nyumba. Timakhala ku Kabwata, m'nyumba ya zipinda ziwiri zogona imene tinalowamo tili achinyamata, titangofika kuchokera kum'mawa. Ndinaphunzitsa Chinyanja ku sekondale zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo sindichita manyazi kunena kuti chiganizo choima bwino ndimachikonda monga mmene ena amakondera mpira. Akazi anga sukulu anailekeza pa giredi yachisanu. Ali ndi thebulo pachipata pathu, pansi pa mtengo wa mapeyala, pamene amagulitsa matimati, anyezi ndi mazira. Lolemba ndi Lachinayi amalawirira ku msika waukulu wa m'tauni n'kubwerako ndi bokosi la matimati.

Kaunjikidwe kawo ka matimatiwo ndiyenera kukafotokoza bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Milu yonse pa thebulo lawo mtengo wake ndi umodzi, koma chiwerengero cha matimati m'miluyo sichifanana. Aakulu amawaunjika atatu, apakati anayi, aang'ono asanu. Wogula amasankha yekha. Wofuna kudula saladi amatenga atatu aja, wofuna kuthira mu lepu amatenga asanu. Palibe amene amadandaula kuti wanyengedwa, chifukwa maso amaona kuti miluyo ndi yolingana.

Mdzukulu wathuyo, amene ndi wamkazi, anabwera kwa ife ali ndi miyezi isanu ndi itatu, mayi wake atapita kukaphunzira unamwino. Anakwawira pansi pa thebulo limenelo, anaphunzira kuimirira atagwira mwendo wake, ndipo asanadziwe kulemba dzina lake ankadziwa kale kuunjika mulu wosagwa. Akazi anga amawatchula kuti ambuya. Ine amanditchula kuti ba shikulu, mawu amene anawatola kwa ana a anansi athu ochokera ku Luapula. Ndinayesa chaka chathunthu kumuphunzitsa kunena kuti agogo, koma ndinagonja. Mawu ake, ndi a ena onse, ndawalemba muno monga anatulukira pakamwa pawo, ngakhale dzanja likundiyabwa kufuna kuwakonza.

Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mu giredi yachitatu, lipoti la temu yachiwiri linabwera ndi masamu ofiira. Nthawiyo n'kuti mayi wake atakhazikika ku Chelstone, ali ndi ntchito, banja, ndi nyumba yokhala ndi chipinda chimodzi chopanda munthu. Anabwera Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, n'kukhala pa mpando lipotilo lili pamiyendo.

"Atate, sinikamba kuti simumusunga bwino," anatero. "Koma onani. Kufupi na ife kuli sukulu yolipila, m'kalasi bana ni bang'ono, ticha aona aliyense. Nifuna nimutenge."

Akazi anga anatuluka n'kukayamba kupukuta matimati amene anali atapukutidwa kale.

"Mwana wanga," ndinatero, "m'nyumba muno muli mphunzitsi. Ndipatse temu imodzi."

"Mphunzitsi wa Chinyanja, atate."

"Mphunzitsi ndi mphunzitsi."

Anaseka pang'ono, koma maso ake sanaseke. "Temu imodzi. Disembala ikafika masamu yakali so, nibwela na chikwama."

Ndinayamba ntchito sukulu zitangotsegulira mu Seputembala. Mwanayo ankaweruka masana, n'kudya, n'kupuma, ndipo dzuwa likapendeka tinkakhala pa thebulo lodyera. Ndinamuphunzitsa monga ndinaphunzitsidwira ine, ndiko kuti kuloweza. Matebulo a kuchulukitsa ankawaimba ndi mawu okoma, ndipo pofika mlungu wachitatu ankatha kuwayambira kumapeto kubwerera kumayambiriro. Ndikalemba manambala okhaokha, monga 12 ÷ 3, ankalemba 4 asanaphethire. Koma funso likabwera m'mawu, zinthu zinkasokonekera. Buku lawo linkakonda mafunso a zipatso ndi ndiwo: mayi ali ndi matimati khumi ndi awiri, awagawira ana atatu mofanana, kodi aliyense alandira angati? Pamenepo mwanayo ankaluma pensulo, n'kuyamba kujambula tizinthu tozungulira m'mphepete mwa kope, kenako n'kulemba manambala atatu: 3, 4, 5.

Ine ndinkati ndi ukathyali wa ana, woponya miyala itatu pa bango limodzi kuti mwina umodzi uligunde. Ndinkafufuta manambala awiri n'kusiya 4. Ndinkafufutanso zojambulazo osaziyang'ana n'komwe, chifukwa kwa ine kope la sukulu lili ngati malaya a ku tchalitchi, silivalidwa ndi madontho. Kope lililonse limene linatuluka m'nyumba mwanga m'milungu imeneyo linali loyera, ndipo mayankho ake onse anali olondola.

Tsiku lina, funso la mtundu womwewo lili patsogolo pake, mwanayo anakweza mutu.

"Manje ba shikulu, matimati yake ni yakulu olo yang'ono?"

"Aakulu kapena aang'ono," ndinamukonza.

"Aakulu kapena aang'ono?"

"Tsopano wanena bwino. Lemba yankho."

Ndinakonza chiganizo, funso lenilenilo n'kulisiya pansi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sanatiuze chimene amadya munthu amene wafunsidwa n'kusamva.

Pakati pa Okutobala ana analemba mayeso a pakati pa temu. Pepala la mdzukulu wanga linabwera ndi mitanda yofiira pa mafunso onse a mawu, ndipo pansi pake aphunzitsi ake anali atalemba kuti akupempha kholo lifike kusukulu. Anakumbutsanso kuti mwana aliyense anauzidwa kubweretsa zotsekera mabotolo makumi atatu, ndipo wathu yekha sanabweretse. Zotsekerazo ndinali nditazikana ndine. Ndinkati mwana wa m'nyumba mwanga sangayende mumsewu akutola zinyalala m'dzina la masamu.

Ndinavala jekete, ngakhale dzuwa la Okutobala linali likusungunula phula la mumsewu, ndipo njira yonse ndinkakonza m'mutu mawu okalankhula. Ndinafika ana atangoweruka. Aphunzitsiwo anali mayi wamng'ono, wa msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa m'zaka zanga zotsiriza. Pa mazenera a kalasi yawo panali zitini zodzaza zotsekera mabotolo, ndi timitengo tomangidwa m'mitolo ya khumikhumi.

"Muli shani, ba shikulu? Nkalani apa, mpando iyi ndiye yolimba."

Ndinayankha moni m'Chinyanja choyenera, n'kuyamba mawu anga. Ndinati masamu ndi malamulo, ndipo lamulo limalowezedwa. Ndinati ife tinaphunzira popanda zitini, ndipo sitinafe. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula ngakhale kamodzi. Kenako anaika patsogolo panga zinthu ziwiri, kope la ntchito ya kunyumba ndi pepala la mayeso.

"Ba shikulu, chamene chinivuta ni ichi. Ya kunyumba yonse ni yabwino, kulibe olo chimozi cholakwa. Mu tesiti mafunso ya mau yonse alakwa, elo alakwa mofanana. Mwana woponya chabe salakwa mofanana. Pali chamene aganiza. Mu kalasi nikamuuza kuti ajambule, akana. Kunyumba sajambula?"

"Amajambula," ndinatero. "Ndimafufuta."

Sanandidzudzule, ndipo ndikadakonda akadatero. Anangopita pakhomo n'kuitana mwanayo, amene ankasewera chingwe panja ndi anzake podikira ine. Anamupatsa pepala loyera ndi pensulo.

"Matimati twelofu, bana batatu. Osalemba namba. Jambula chabe."

Mwanayo sanagwire pensulo. Anayang'ana ine. Mwa zonse za temu imeneyo, chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi kuyang'ana kumeneko, chifukwa anali kupempha chilolezo changa kuti aganize. Ndinavomera ndi mutu.

Anajambula mosathamanga, lilime lili pakati pa mano. Kumanzere anajambula matimati atatu aakulu, pakati anayi ochepera, kumanja asanu aang'ono, ndipo aliwonse anawaunjika monga amaunjikira ambuya ake, limodzi pamwamba pa anzake. Aphunzitsi anamufunsa kuti afotokoze.

"Uyu atenga yatatu chifukwa ni yakulu. Uyu atenga folo. Uyu atenga faifi chifukwa ni tung'ono. Ngati bonse batenga folo folo, wa tung'ono azalila."

Aphunzitsiwo anawomba m'manja kamodzi n'kuseka ndi chimwemwe chenicheni. Ine sindinaseke. Ndinali kuwerenga m'mutu milungu isanu ndi umodzi imene chithunzi chimenechi chinajambulidwa pa thebulo langa, pansi pa mphuno yanga, n'kufufutidwa.

"Mwaona, ba shikulu?" anatero aphunzitsiwo, mwanayo atabwerera panja. "Pamsika aziba kugawa, elo agawa mwachilungamo. Matebulo aziba, mwamuphunzitsa bwino. Koma vibili ivi sivinakumanepo. Nchito yathu ni kuvikumanitsa, osati kupaya chimozi. Osamuuza kuti va ambuya bake ni volakwa. Funso iliyonse aichite munjila zinayi: agwile na manja, ajambule, akambe na kamwa, elo alembe namba. Namba ibwele kumapeto." Anaima kaye, n'kuwonjezera mofatsa kuti, "Elo labala ija yofufutila ipumuleko."

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera akazi anga zonse, osabisa mbali yanga. Anaseka mpaka anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Abambo, zaka zonse zija za choko, ndiye mwagwetsedwa ndi matimati anga?"

"Si nkhani yoseketsa, mayi. Disembala ili pafupi."

Kuseka kunatha pomwepo. "Koma mwana sanalakwe."

"Sanalakwe, koma mayeso akulephera."

Anayang'ana thebulo lawo. Kenako anati, "Lachinayi akaweluka mubwele pachipata nonse awili. Bokosi sinditsegula mpaka mufike. Jekete musiye m'nyumba."

Ndiyenera kuvomereza kuti pa zaka zonse zimene thebulolo lakhala pachipata panga, ndinali ndisanaonepo chimene chimachitika bokosi likangotsegulidwa. Ndinkangoona milu itaima kale. Tsiku limenelo ndinaona kuti akazi anga sayamba ndi kuunjika. Amayala mabeseni atatu, n'kusankha matimati limodzilimodzi, lalikulu uku, lapakati apa, laling'ono uko, manja akuyenda mwaliwiro ngati a wosoka. Atamaliza anakankhira beseni lapakati kwa mdzukulu wawo.

"Tenga twelofu muno mokha. Osagwila beseni ina. Panga milu itatu."

Mwanayo anawerenga khumi ndi awiri n'kuyamba kuunjika. Anaika atatu, anayi, asanu, monga mwa chizolowezi. Anayang'ana. Mulu wa asanu unali wonenepa moonekeratu, wa atatu wowonda. Anachotsa limodzi pa asanu aja, nalisunga m'dzanja kanthawi, n'kuliika pa atatu.

"Folo, folo, folo," anatero motsitsa mawu.

"Eya," anatero ambuya ake. "Funso ya kusukulu imatapa m'beseni imodzi. Ndiye nkhani yonse."

Mwanayo anatembenukira kwa ine, nkhope itakwinyika. "Manje chifukwa chani sibakamba?"

Ndinatsegula pakamwa kuti nditeteze buku, koma ndinapeza kuti sindingathe. Monga munthu wa chinenero, ndinayenera kuvomera kuti funso limene silinena kuti zinthu zake ndi zofanana lasiya mawu ofunika. Ndinamuuza choncho, ndipo tinagwirizana kuti kuyambira tsiku limenelo, asanayankhe funso lililonse la m'buku, azinena yekha mawu osowawo: beseni limodzi.

Ameneyo ndiye Lachinayi amene amayi a mumpingo amamutcha tsiku limodzi lija. Koma mawa lake mwanayo analakwitsanso mafunso awiri mwa asanu, chifukwa kumva chinthu kamodzi sikuchidziwa. Ntchito yeniyeni inali m'milungu yotsatira, ndipo inali ya pang'onopang'ono.

Matimati anayamba kufewa chifukwa chogwiridwagwiridwa, choncho tinafunikira zotsekera mabotolo zija. Ndinapita ndekha kukazitola kuseri kwa sitolo ya pakona, nditanyamula pepala la pulasitiki. Ndili chiweramire, munthu wina amene ndinamuphunzitsa kale anaimitsa galimoto lake, natsitsa galasi, n'kundifunsa monong'ona ngati penshoni yachedwa. Ndinamuuza kuti ndikuchita masamu. Sindikhulupirira kuti anandikhulupirira.

Zotsekerazo zinali ndi ubwino umene ndinaukana poyamba, woti mulibe chachikulu kapena chaching'ono. Tinawonjezera thireyi ya mazira yopanda mazira, kuti zotsekerazo zizikhala m'mizere. Ndinalembanso manambala ndi choko pa mabuloko a mpanda wathu, buloko lililonse nambala yake, kuyambira 1 mpaka 30. Mwanayo ankayenda m'mbali mwa mpandawo akudumpha mabuloko atatuatatu, n'kupeza kuti pa 12 amafika atadumpha kanayi. Anansi athu a ku Luapula anayamba kusuzumira, ndipo posakhalitsa mpandawo unkakhala ndi ana asanu.

Njira yachitatu ya aphunzitsi aja, ya kunena ndi pakamwa, inakhala gawo langa, ndipo pamenepo ndinapeza pogwira. Sindinkalola yankho la liwu limodzi. Ankayenera kunena chiganizo chathunthu: matimati khumi ndi awiri, akagawidwa mofanana kwa anthu atatu, aliyense alandira anayi. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndinkamvetsera chimene chiganizocho chikunena, ndipo kakonzedwe ka mawu ndinkakasungira kumapeto. Masiku ena ndinkaiwala n'komwe kukonza.

Madzulo ena mu Novembala, tili pachipata, ndinasintha funso osaganizira. Ndinati, "Pa matimati khumi ndi awiri, upanga milu ingati ya atatuatatu?"

Mwanayo anaika manja m'chiuno. "Iyo ni funso ina, ba shikulu. Mailo munakamba bantu batatu. Lelo mwakamba milu ya yatatu."

"N'chimodzimodzi. Yankho ndi 4."

"Chifukwa?"

"Chifukwa ndilo lamulo."

"Ba ticha banakamba kuti lamulo si chifukwa."

Ndinamuuza kuti sindikudziwa, mawu amene pa zaka makumi atatu ndi ziwiri sindikumbuka kuti ndinawanenapo pamaso pa mwana. Iye anatenga thireyi n'kuyala zotsekera mizere itatu, uliwonse zinayi, n'kunena kuti awa ndi anthu atatu a dzulo aja, aliyense ndi zake zinayi. Anakhala akuziyang'ana, chibwano chili pa thebulo. Nthawi yomweyo kunafika wogula wofuna anyezi, ndipo akazi anga, pofuna malo oikapo beseni, anatembenuza thireyi ija chopingasa n'kuikankhira pambali.

Mwanayo anakuwa mpaka wogulayo anadzidzimuka. "Ba shikulu! Onani! Manje ni milu folo ya yatatu! Ni chimozi chabe, chatembenuka!"

Ndinayang'ana. Mizere itatu ya zinayi inali itasanduka mizere inayi ya zitatu, popanda chotsekera n'chimodzi chomwe kuchoka pamalo pake. Ndinakhala pansi pa kampando ka akazi anga. Kuti katatu ka zinayi ndi kanayi ka zitatu zimapereka nambala imodzi ndinazidziwa ndili ndi kabudula, monga ndimadziwira kuti Lachiwiri limatsatira Lolemba. Koma ndinali ndisanazionepo ndi maso. Ndinaziona ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, pa thireyi ya mazira, chifukwa munthu wina ankafuna anyezi.

Zotsala pogawa sizinatitengere nthawi. Titayesa khumi ndi zinayi kwa anthu atatu, n'kutsala ziwiri zopanda mwini, mwanayo anazikankhira pambali n'kunena kuti, "Ivi ni mbasela." Mbasela ndi kaja amakuwonjezera wogulitsa ukagula bwino, kosawerengeredwa pa mulu. Aphunzitsi ake atamva anati pakamwa anene mbasela mmene angafunire, bola pa pepala alembe kuti otsala 2.

Sindikufuna kudzionetsa ngati munthu amene anasintha tsiku limodzi, chifukwa bodza limenelo ndi lomwe ndikukonza. Mlungu wotsatira mwanayo anajambula m'kope la sukulu matimati khumi ndi asanu, aliwonse ndi kamtengo kake ndi timasamba, mpaka chithunzi chinadya theka la tsamba. Dzanja langa linapita lokha ku chofufutira. Akazi anga ankadutsa ndi mbale. Anachitola pakati pa zala zanga n'kuchiponya m'thumba la epuloni, n'kupitirira ku khitchini.

Lipoti la temu yachitatu linabwera mlungu woyamba wa Disembala, mvula itatsuka kale manambala a pa mpanda kawiri. Mdzukulu wanga sanakhale woyamba m'kalasi, monga amanenera okamba nkhaniyi. Anachoka pansi n'kufika pakati, pamwamba pang'ono pa pakatipo. Pambali pa masamu aphunzitsi analemba kuti mwanayu amaonetsa njira imene wayenda.

Mayi wake anabwera Loweruka, ndipo chikwama anabwera nacho. Anachiika pafupi ndi chitseko pamene tonse tinkachiona. Anawerenga lipoti kawiri.

"Yakwela," anatero, "koma siyanakwele maningi."

Kenako anaitana mwana wake.

"Bwela kuno, iwe. Matimati seventini, bantu faifi. Aliyense yangati?"

"Mami, mufuna ya kusukulu olo ya pamsika?"

Mayi wake anayang'ana ine, n'kuyang'ananso mwanayo. "Ziliko zibili?"

"Ee. Ya pamsika niyamba naona matimati. Ya kusukulu ni beseni imozi."

"Ya kusukulu."

Mwanayo anathamangira kuchipinda n'kubwera ndi thireyi ndi chitini chake cha zotsekera. Anayala mizere isanu ya zotsekera zitatuzitatu, ziwiri n'kuziika pambali. Anajambula zomwezo kuseri kwa envulopu ya lipoti. Kenako anaima chilili, manja kumbuyo, n'kunena m'Chinyanja chimene ine sindikadachikonza paliponse: "Matimati khumi ndi asanu ndi awiri, akagawidwa mofanana kwa anthu asanu, aliyense alandira atatu, ndipo atsala awiri." Pomalizira analemba 17 ÷ 5 = 3 otsala 2, n'kuwonjezera yekha kuti zisanu katatu ndi khumi ndi zisanu, ukaikapo ziwiri za mbasela wabwerera pamene unayambira.

Mayi wake anayang'anitsitsa envulopuyo. "Ine nenze kuloweza chabe," anatero. "Mpaka lelo sinizibanso chifukwa."

"Unaphunzitsidwa ndi munthu amene sankadziwa chifukwa," ndinayankha.

Mwa pangano lathu ndinali nditapambana, ndipo ndinali wokonzeka kunena choncho m'chiganizo chabwino. Koma mwana wanga anapinda lipoti lija pang'onopang'ono, n'kulankhula osakweza maso.

"Atate, masamu yenze chifukwa, koma siyenze chifukwa chonse. Mwana wanga nimuona monga mulendo. Siniziba na vamene akonda kudya."

M'chiganizo chimenecho munali zambiri zoti ndikonze, ndipo ndinazimva zonse. Koma temu imeneyo inali itandiphunzitsa kanthu. Ndinayang'ana akazi anga, amene anali ataima pakhomo la khitchini dzanja lili m'thumba la epuloni. Anagwedeza mutu pang'ono.

"Tichite chonchi," ndinatero. "Sukulu asasinthe, chifukwa aphunzitsi amene ali nawo si opezeka paliponse. Lolemba mpaka Lachisanu azikhala kuno. Lachisanu akaweruka ndizimuperekeza ndekha ku Chelstone, ndipo Lamulungu madzulo ndizikamutenga. Tchuthi chonse ndi chako."

Mwana wanga anawerenga pa zala, nkhope ikuyamba kumasuka ngakhale ankayesa kuilimbitsa. "Faifi kwa imwe, yabili kwa ine? Atate, si kugawa kofanana uku."

Mdzukulu wanga anali pansi akubweza zotsekera m'chitini, ndipo tinkayesa kuti sakumvetsera. Anayankha osatembenuka.

"Vilingana, mami. Masiku ya sukulu ni tung'ono. Yanu yabili ndiye yakulu."

Akazi anga anayamba kuseka, mayi wa mwanayo n'kutsatira, ndipo iye ankaseka uku akupukuta m'maso. Chikwama chija chinagwira ntchito tsiku lomwelo, chifukwa tchuthi chinali chitayamba. Mwanayo analongedza zovala zake, chitini cha zotsekera, ndi thireyi. Nyumba inakhala zii mpaka Januwale, ndipo akazi anga anapukuta matimati ambiri amene anali opukutidwa kale. Koma sukulu zitatsegulira mwanayo anabwerera, ndipo pangano limenelo lilipo mpaka lero, ali mu giredi yachisanu ndi chimodzi. Lachisanu lililonse timakwera basi awirife, ndipo iye amawerenga mipando m'mizere n'kundiuza kuti tatsala anthu angati kuti tinyamuke.

Okamba nkhaniyi amaikambanso ngati inachitika mwaulere. Kuti zimenezonso zikonzeke, nazi zimene zinalowapo:

Matimati makumi awiri ndi atatu amene anafewa osagulitsidwa, ndipo tinadya tokha.

Zotsekera mabotolo makumi asanu ndi limodzi, ndi madzulo awiri ozitola.

Thireyi ziwiri za mazira, imodzi itanyowa ndi mvula.

Mazira awiri, amene anasweka tsiku limene tinayesa ndi thireyi yodzaza.

Bokosi limodzi la choko.

Makope awiri ojambulamo, ndi mapensulo anayi.

Basi ya ku Chelstone, kupita ndi kubwera, kawiri pa mlungu.

Chofufutira chimodzi, chimene chinalandidwa ndipo sichinabwezedwe.